Seva ya a Bitoni Yosadziwa Kukaniza Mlendo

Kalekale, osati kale la makolo ovala nyanda, koma kale la dzanadzanali pamene mafoni anali atangoyamba kusisitidwa ndi chala, ku Balaka kunali bambo wina dzina lake Bitoni Chagunda. Ndisanapite patali ndiyambe ndalumbira: zonse muti mumve pano ndi zoona zokhazokha. Mukapezamo bodza, ngakhale laling'ono ngati njere ya therere, njinga yanga iphulike matayala onse awiri pa Chingeni dzuwa lili paliwombo, ndipo wondibwereka pampu asapezeke. Onani, chala ndanyambita, kumwamba ndaloza.

A Bitoni anakulira ku positi. Ankadziwa dzina la munthu aliyense kuyambira kusiteshoni ya sitima mpaka kumene tauni imathera, ndipo kalata ikabwera yongolembedwa kuti "kwa mayi wamtali uja wogulitsa thobwa," inkafika ndithu. Makalata atayamba kuchepa, anaphunzira makompyuta kwa wansembe wina wa kumishoni, natsegula kaofesi kuseri kwa depoti. Ntchito yawo yatsopano inali yakale yomwe ija, kungoti tsopano yavala nsapato: kusunga seva ya mayina.

Inu amene sukulu munaitsanzika msanga ngati ine, imvani. Kompyuta iliyonse ya pa intaneti ili ndi nambala yake, koma mutu wa munthu susunga manambala, umasunga mayina. Ndiye ukalemba dzina pa foni, foniyo imathamangira kwa seva ya mayina kukafunsa kuti dzinali limakhala pa nambala yanji, monga mlendo wotsika basi amafunsira kuti kwa a uje n'kuti. Seva imaloza, foni imapita. Ikaloza kolakwika, foni imapitabe, ndipo sibwerako kudzadandaula, poti foni ilibe nzeru zokayikira.

Mayina amene a Bitoni ankasunga anali a sukulu, a chipatala chaching'ono, a gulu la alimi a thonje, ndi limodzi lalikulu kuposa onsewo: tsamba la mauthenga a maliro, limene mipingo ndi mizikiti inagwirizana kuti likhale limodzi. Munthu akamwalira, achibale ankabwera kuofesi ndi mkulu wa mpingo kapena shehe. A Bitoni ankawakhazika pansi, kuwapatsa madzi akumwa, kenako n'kulemba uthengawo ndi manja awo. Ana a ku Balaka amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu ngakhale ku Joni, ankayang'ana tsambalo asanasukusule. Zikalembedwa pamenepo, munthu ankakwera basi osafunsanso wina. Chuma chonse cha a Bitoni chinali chimenecho: mawu oti "a Bitoni alemba" ankatseka mkangano.

Tsono seva ya mayina sikhala yokha, poti magetsi a ku Balaka amapita kukagona nthawi imene afuna. Pamafunika yachiwiri kutali, yoti iziyankha inzake ikakomoka. Yachiwiriyo inali ku Limbe, kwa a Layisoni, mlongo wawo wa malemu Enelesi, mkazi wa a Bitoni. Nthawi ndi nthawi seva ya ku Limbe inkagogoda kwa ya ku Balaka n'kukopera mudzi wonse wa mayina, umene anyamata a makompyuta amautcha zoni. M'zonimo munali dzina lililonse ndi nambala yake, kuphatikizapo makina a m'kati mwa ofesi amene anthu akunja alibe nawo ntchito.

Pa seva pali malo amene umalembapo ololedwa kukopera zoni, ndipo a Bitoni analembapo nambala ya mlamu wawo. Koma a Layisoni sankakhazikika pa kampani imodzi ya intaneti. Akamva kuti uko kwatsika mtengo ankasamuka, ndipo nambala yawo inkasintha ngati khungu la bilimankhwe. Tsiku lina seva ya ku Balaka inawakaniza. A Layisoni anaimba foni kufunsa ngati chitseko chatsekedwa chifukwa choti Enelesi kulibenso. Mawu amenewo anawalasa a Bitoni pamtima penipeni. Tsiku lomwelo anafufuta nambala ija n'kulembapo kuti aliyense. Anadziuza kuti mlamu safunsidwa dzina pakhomo, komanso wofunsa njira samanidwa. Ku positi anaphunzira choncho, kwawo anakula choncho.

Panalinso china. A Bitoni makina awo ankawatcha mayina monga mmene makolo athu ankatchulira ana, potengera zimene zili pakhomo nthawi imeneyo. Kompyuta yosungiramo zinthu inali zonsezilimuno. Ina yokonda kuzima inali osandidalira. Ndipo pakona panali ina yokalamba, yotentha moti nkhuku ya alonda inkaikira mazira pamwamba pake n'kuchokapo, mazirawo n'kuswa okha. Imeneyi inadikira kukonzedwa zaka ndi zaka. Dzina lake linali tidzakonzamawa.

Ndiye kunabwera mlendo. Sanatsike basi, sanapereke moni, ndipo mpaka lero palibe akudziwa ngati anali ku Ndirande kapena kutsidya kwa nyanja zamchere. Anangogogoda pa seva n'kupempha zoni yonse. Seva ija, mwana woleredwa bwino, inapereka ndi manja awiri. Mlendoyo anawerenga mayina mwachifatse, ndipo atafika pa tidzakonzamawa sanafunenso woombeza ula. Anapeza khomo lake lili ndi mawu achinsinsi omwe aja linabwera nawo kuchokera kusitolo. Analowa, nadutsira momwemo mpaka m'seva ya mayina, nasintha mzere umodzi wokha. Dzina la tsamba la maliro linayamba kuloza kwa iye, kumene anali atakonza tsamba lofanana ndendende ndi lenileni, mpaka kankhunda kapamwamba komwe. Seva ya ku Limbe nayo inagogoda monga mwa masiku onse, n'kukopera bodzalo mokhulupirika.

Kenako mlendo uja anayamba kupha anthu. Anapha mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, amene anamva za imfa yake ali pamzere wa kuchigayo. Anapha mayi wotsogolera kwaya. Pansi pa uthenga uliwonse ankaikapo nambala ya foni yotumizirako chipepeso. Anthu akabwera kudzadandaula, a Bitoni ankawaonetsa tsamba pa kompyuta ya muofesi, imene inkalowa mwachindunji osafunsa njira kwa seva, ndipo pamenepo panalibe cholakwika. Ankati mwina ndi mafoni a masiku anowa. Zinafika poipa pamene anamwalira zenizeni mayi Abiti Twaibu, wogulitsa mandasi pachipata cha depoti. A Bitoni analemba uthenga ndi manja awo, koma unakhala pa tsamba limene panalibe foni yofikako. Mwana wa mayiwo anali ku Karonga, ndipo anali atangosintha nambala ya foni. Anamva amayi ake ataikidwa kale.

M'mawa wina a Bitoni akumeta ndevu kuseri kwa nyumba anamva nyimbo ya maliro ikuyandikira. Anadzifunsa kuti watisiya ndani m'dera muno iwo osauzidwa. Atasuzumira anaona masamba atayalidwa pamsewu, moyang'anizana ndi geti lawo. Amayi a mvano anali akulowa atafunda zitenje, amuna akutsitsa mabenchi a kutchalitchi, ndipo uthenga unafika woti adzukulu atha kale kukumba, akungodikira bokosi. Mlendo uja anali atalemba pa tsamba lake labodza kuti a Bitoni amwalira. A Bitoni anatulukira pakona thovu la sopo lili mbuu tsaya limodzi, lezala lili m'manja. Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Mayi wina anakomoka, wina anathawa n'kusiya patapata, koma mkulu wa mpingo, munthu wolimba mtima, anayandikira n'kuwatsina pamkono.

"Pepani abale," anatero a Bitoni. "Sindinamwalire. Ndikanamwalira bwenzi nditakuuzani."

Poti manda sasiyidwa kukamwa kuli yasa, adzukulu anakwiriramo thunthu la nthochi, ndipo a Bitoni anaperekeza okha maliro awo, akuyenda pambuyo chipewa chili m'manja.

Madzulo ake akuluakulu a mipingo ndi mizikiti anakhala pa mabenchi omwe aja. Sanakalipe, ndipo n'kusakalipako kumene kunapweteka. Shehe anatchula za mwana wa ku Karonga, onse n'kuyang'ana pansi. Kenako ananena kuti pofika Lamulungu, tsambalo likapanda kunena zoona pa foni iliyonse, abwerera ku njira yakale yotumiza uthenga panjinga, ndipo a sukulu, a chipatala ndi alimi a thonje nawo achotsa mayina awo. A Bitoni anangoti zyoli. Imfa ya m'mawa ija inali ya masewera. Iyi, yoti mawu awo asakhalenso ndi wowakhulupirira, inali yeniyeni.

Koma bodza nalo nthawi zina limagwira ntchito ya Mulungu mosadziwa. Uthenga wa maliro uja unali utasonkhanitsa ana atatu a mchemwali wa a Bitoni, amene anafika maso atatupa ndi kulira. Panali Ndaziona, wophunzitsa makompyuta pa sekondale ina ku Zomba. Panali Ganizani, wogwira ntchito m'chipinda cha makina pa banki ina ku Lilongwe. Ndipo panali Sekerani, mzime, wogulitsa zikwama za mafoni mu Limbe, amene za makompyuta ankangodziwa poyatsira. A Bitoni analibe mwana wobereka okha, koma kwathu kuno mukudziwa kuti ana a mchemwali ndiwo ana a malume.

Woyamba kunyamuka anali Ndaziona. Anamvetsera malume ake akufotokoza kuti muofesi zonse zikuoneka bwino, ndipo anati mwini nyumba sadziwa mmene nyumba yake imaonekera kwa wodutsa mumsewu. Sanakhudze makina aliwonse. Anakwera minibasi ya ku Liwonde, nakakhala m'kasitolo ka intaneti kumene palibe ankamudziwa, nagogoda pa seva ya malume ake ngati mlendo wamba. Anayamba wafunsa dzina la tsamba la maliro, seva n'kuloza nambala yachilendo, ya kutali. Anafunsa ya ku Limbe, nayo inaloza komweko. Kenako anayesa chinthu chimene ankaganiza kuti akanizidwa: anapempha zoni yonse. Inakhuthuka pamaso pake ngati mtedza wa m'thumba lobooka. Atawerenga mayina a makinawo anaseka, kenako misozi inalengeza, poti m'mayinamo munali malume ake enieni, munthu wosadziwa kubisa kanthu. Anabwerera ku Balaka, nawapeza atakhala pakhonde, nagwada pambali pawo.

"Malume, seva yanu ikupatsa aliyense mudzi wonse. Ine yandipatsa osandifunsa n'komwe kuti ndine mwana wa yani."

A Bitoni anati anachitira mlamu wawo. Ndaziona anati akudziwa, koma khomo lotsegulira mlamu fisi nayenso analiona. Anawaonetsa mzere wosinthidwa uja, kenako anaika chala pa dzina la tidzakonzamawa, ndipo a Bitoni anagwira pakamwa. Chiyambire mavutowa, aka kanali koyamba kudziwa pamene munga unalowera. Koma zouzula Ndaziona anati sayerekeza. Iye amaphunzitsa ana, seva yamoyo sanaitsegulepo m'mimba.

Wachiwiri anali Ganizani. Ameneyu pa ntchito sankadziwa kuseka. Anavula jekete, nalowa muofesi, nayamba ndi kuzula chingwe cha tidzakonzamawa, nkhuku ija n'kutuluka ikung'ung'udza. Anasesa seva ya mayina mpaka pansi n'kuimanganso, kuopa kuti mlendo uja anasiyamo kazenera kobwererapo. Anasintha mawu achinsinsi onse, amene malume ake ankaika amodzimodzi pa makina ena onse, dzina la Enelesi. Anabweza mzere uja kuti uloze ku tsamba lenileni. Mayina a makina a m'kati anawachotsa pa zoni ya anthu akunja, nati za kuchipinda sizilembedwa pachikwangwani cha pamsewu. Pomaliza anafika pa mawu aja oti aliyense. Anawafufuta, nakonza zoti seva izipereka zoni kwa nambala imodzi yokha yokhazikika, ndipo nayonso iziyamba yaonetsa kiyi yachinsinsi imene maseva awiriwo okha akuidziwa.

A Bitoni anaima kumbuyo kwake akupotokola chipewa. Anafunsa chapansipansi ngati tsopano munthu wofunsa njira azibwezedwa.

"Wofunsa nyumba imodzi timuloza, malume, monga kale," anatero Ganizani osatembenuka. "Koma wofuna kudziwa zitseko zonse za m'mudzi, ndi kuti zopanda mpiringidzo ndi ziti, ameneyo si mlendo."

Anayesa pa foni ya Ndaziona, tsamba lenileni linatuluka, uthenga wa mayi Abiti Twaibu uli pamwamba. Anayesa pa foni ya mlonda, a Bitoni anali akadali malemu. Foni ikafunsa ku Balaka inkamva zoona, ikafunsa ku Limbe inkamva bodza, poti seva ya a Layisoni inali ikusungabe zoni yakale, ndipo yatsopano sikanatha kuitenga popanda kiyi. Ganizani anaimbira a Layisoni, nawalankhula monga amalankhulira ndi anyamata a ku banki: chitani ichi, lekani icho, nambala yanu isamasinthesinthe. Sanadziwe kuti akuluwo anali ndi bala kale. Anali atalira mlamu wawo tsiku lathunthu, atatumiza chipepeso kwa wakuba, atavala ndi suti yakuda yomwe, kenako n'kumva kwa anthu a pa siteji kuti malemu aja akumeta ndevu. Tsono lero kamwana kadzulodzuloli kaziwauza kuti azigogoda ndi kiyi ngati wochita lendi? A Layisoni anadula foni, ndipo sanaiyankhenso.

Ganizani anati palibe vuto, angowachotsa a ku Limbewo n'kupeza seva yachiwiri kwina. A Bitoni anakana. Anati zimenezo sizingathe Lamulungu lisanafike, ndipo ngakhale zikanatha, chingwe chopita ku Limbe n'chokhacho chimene chatsala pakati pa iwo ndi kwawo kwa Enelesi. Achidule ndi manja awo omwe? Anakakhala pakhonde, ndipo chakudya cha tsiku limenelo chinabwerera kukhitchini chosakhudzidwa.

Wachitatu anali Sekerani, amene nthawi yonseyi ankangodya nzimbe pamthunzi. Anamva mkulu wake Ganizani akunena kuti kiyi ija siyenera kuyenda pa foni kapena pa imelo, kuopa maso a wakuba, ndiye anapempha kuti amuikire m'kafulashi, kachipangizo kakang'ono konyamulira zinthu za pakompyuta. Anabisa kafulashiko m'sokosi, nagwira tambala wa malume ake, nakwera basi ya ku Limbe. Atafika sanatchule za seva. Anakhala pansi pakhomo, nawomba m'manja ndi ulemu wonse wa munthu wodzanena maliro, nkhope ili gwa.

"Achikulire, andituma malemu. Akuti ndikupatseni moni, ndipo kumene aliko kukutentha ngati ku Balaka."

A Layisoni analimbana nako kuseka mpaka mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anagonja. Atatha kuseka analira, ndipo Sekerani anawasiya alire. Anamvetsera madandaulo onse kuyambira pa tsiku la ukwati wa Enelesi: mmene alamu awo amaimbira foni pokhapokha seva ikavuta, mmene sanabwere pamene iwo anagonekedwa m'chipatala, mmene munthu amaiwalidwira mlongo wake akapita. Tambala anaphedwa, anadyedwa, mafupa anatafunidwa. Apo m'pamene akuluwo anafunsa okha kuti nanga zowatsekera kunjazi n'zotani. Sekerani anavula nsapato, natulutsa kafulashi kaja, nakapukuta pa malaya.

"Amene watsekeredwa kunja ndine, achikulire. Ine mwana wa mchemwali wawo, kiyi imeneyi sindiloledwa n'kuiwerenga komwe. Abusa alibe, bwanamkubwa alibe. Padziko lonse ili kuwiri basi, kwa mwini nyumba ndi kwa inu. Kale munkalowera khomo limodzi ndi agalu a m'mudzi. Lero akupatsani lanulanu."

A Layisoni anakayang'ana kafulashiko, nafunsa ngati mawuwo ndi a alamu awo kapena ndi a Sekerani. Sekerani anati mawu ndi ake, koma munthu amene wakana kudya chifukwa chosafuna kudula chingwe cha ku Limbe ndi malume. Pamenepo akuluwo anavala jekete. Sekerani anawaperekeza ku kampani ya intaneti, naima nawo pamzere, n'kumawasokoneza ndi nthabwala nthawi iliyonse imene ankafuna kubwerera atamva mtengo wa nambala yokhazikika. Atabwerako, poti seva yawo salola munthu wina kuikhudza, analemba okha ndi chala chimodzi, Ganizani akunena pa foni, Sekerani ali pakati kuphika mawu a mkulu wake kuti azifika ofewa. Ganizani akati, auze asiye zopusazo, Sekerani ankati, akuti mwatsala pang'ono achikulire, tangobwererani mzere umodzi. Seva ya ku Limbe inagogoda, inaonetsa kiyi, ya ku Balaka inatsegula. Zoni yoona inawoloka Shire.

Bodza silinathe nthawi yomweyo. Linatsalira m'mafoni ena ngati fungo la utsi m'chovala, poti makina a m'njira amasunga yankho lakale kwa kanthawi. Koma pofika Lamulungu, foni iliyonse imene akuluakulu anayesa, ya abusa, ya shehe, ya mlonda, inaonetsa tsamba loona. Ndaziona anapitanso ku Liwonde kukapempha zoni ngati mlendo, ndipo seva inamuyankha mwaulemu kuti ayi.

A Bitoni sanafulumire kusangalala. Anayamba apita kwa mwana wa mayi Abiti Twaibu, amene anali atafika kuchokera ku Karonga, nakhala naye pamkeka. Sananamizire wakuba, sananamizire mafoni a masiku ano. Anati khomo analisiya lotsegula ndi iwo. Munthuyo anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo a Bitoni anabwerera kunyumba akupuma bwinoko.

Akuluakulu anagamula kuti mayina akhalebe kwa a Chagunda, koma anaikapo mfundo imodzi. A Bitoni akula. Pakhale munthu wachinyamata wosunga makiyi a seva, mmodzi yekha, kuti zikalakwika anthu adziwe khutu lokoka. Komiti anaikana, poti komiti ikalakwa aliyense amaloza mnzake. A Bitoni anavomera osavuta. Munthu amene wamva nyimbo za maliro ake omwe sachedwa kumvetsa kuti ntchito iyenera kupeza mwini wina iye akadali ndi maso.

A Bitoni anaitana ana atatu aja muofesi, naika makiyi patebulo. Ndaziona anati iye sanabwere kudzalimbirana, koma anakumbutsa kuti mmene ankafika aliyense ankaimba mlandu mafoni. Akanapanda kupita ku Liwonde, Ganizani akanakhoma chitseko chiti, ndipo Sekerani akananyamula kiyi ya chiyani? Ganizani anati kuona njoka si kuipha, ambiri imawaluma akuiyang'ana. Amene anatulutsa wakuba n'kutseka khomo ndi iye, ndipo vuto lina likadzabwera mawa lidzafuna manja omwewo, osati nthabwala. Sekerani anayamba wamaliza nzimbe yake. Anati zonsezo n'zoona, koma achimwene atatseka khomo, theka la dziko linali likulirabe malume, ndipo foni ya ku Limbe inali itadulidwa. Maseva amamvana ndi kiyi, koma eni maseva amamvana ndi pakamwa.

A Bitoni anawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo onse anawakonda. Akaganiza zopatsa Ndaziona, ankakumbukira kuti mwiniwake wanena kuti seva yamoyo sanaitsegulepo. Akaganiza za Ganizani, ankadziwa kuti muofesi muno mumalowa anthu ofedwa, ofuna kukhazikidwa pansi asanafunsidwe kanthu, ndipo mnyamatayo sadziwa kukhazika munthu. Akaganiza za Sekerani, ankaona seva itazima pakati pa mvula ya mabingu, iye ataima patsogolo pake akuiuza nthabwala. Anatambasula dzanja, nalibweza. Analitambasulanso, nalibwezanso. Mmene ine ndinkachoka ku Balaka, makiyi anali akadali patebulo, atatuwo akuyang'anizana, malume awo akukanda pamutu.

Zonsezi zinachitika monga ndakuuzirani. Chabwino, za thunthu la nthochi zija ndawonjezera ndine, adzukulu anangofika ndi makasu n'kubwerera, koma nkhani inkaoneka yowonda pamenepo.

Tsono inu amene mwakhala phee kumvetsera, dzanja la a Bitoni latopa, tawathandizani. Makiyi apite kwa yani: kwa Ndaziona amene anaona pamene wakuba analowera, kwa Ganizani amene anatseka khomo, kapena kwa Sekerani amene anachititsa mlamu kulandira kiyi chibale osaduka?